Njinga Imene Sidafike ku Phalombe

Mwezi uno chakwana chaka chimwalirireni a Namaona, amakanika a pansi pa mtengo wa muwanga kwa Wimbe. Sindidali mbale wawo. Ndidali mlangizi wamkazi wa zaulimi, mmodzi wa ife amene tinkawatopetsa ndi njinga zamoto za kuntchito zija, zazitali miyendo, zofuka utsi wabuluu chifukwa injini yake imawotcha petulo pamodzi ndi oilo. Pamaliro awo anthu adalira ambiri, aliyense ndi chifukwa chake. Changa ndakhala nacho zaka zambiri, ndipo ndaona kuti ndichilembe msanga ndisanayambe kudzikometsera.

A Namaona adali mtchona. Adachoka kwawo ku Phalombe pa lole yotenga matenanti a fodya, iwo ndi mng'ono wawo Laisoni, atalonjeza mlongo wawo, a Elube, kuti akangolima nyengo ziwiri basi. Laisoni adagona kumanda a matenanti, kuseri kwa zigafa za esiteti. A Namaona imvi zidawamerera konkuno. Esitetiyo itatha anzawo adamanga mitolo kubwerera kummwera, koma iwo adakwatira a Nachisale, nakhala pachikamwini, nayamba kukonza njinga pansi pa mtengo umene odula mitengo ya zigafa adausiya chifukwa chobunthitsa nkhwangwa.

Kwawo sadakuiwale ayi. Kuseri kwa muwangawo kudali kachisakasa ka udzu, ndipo m'menemo munkakhala njinga yamoto yawoyawo, ya mtundu womwewo wa zathu koma yakale kwambiri, itaimikidwa choloza kukhoma. Adaitenga ili chigoba esiteti itatha, nayamba kuimanganso pang'onopang'ono, chaka chino tcheni, chaka chamawa thanki. Ankati ikadzatha adzaikwera mpaka pakhomo pa a Elube, chifukwa adali ndi mawu oti akawauze amene sakanatheka pakalata. Mawuwo sankawatchula. Tikawauza kuti mabasi alipo, ankayankha kuti basi ingawanyamule iwo, koma singanyamule chimene akufuna kuti mlongo wawo akachione. Tinkaseka, poganiza kuti ndi manyazi a mtchona amene safuna kufika kwawo atanyamula kajumbo.

Adali munthu wamfupi, wa mapewa aakulu, wogontha khutu lamanzere. Ukamawalankhula ankati "Mwati?" kawiri kapena katatu, koma njinga ikamachokera kudambo ankadziwa mwini wake ndi matenda ake isanatulukire n'komwe pamsewu. A Nachisale ankati khutu la amuna awo limasankha. Sankakonza njinga mwini wake ataimirira, chifukwa woimirira amafulumizitsa manja a mnzake. Unkayenera kukhala pa tayala lakale la thirakitala, uyankhe mafunso awo onse: umadutsa njira iti, umakweza anthu angati, oilo wako umagula kwa ndani. Masipanala ankawayala pa thumba la feteleza motsata kukula kwake, timasikuluwu ankatiponya m'mbale yoboola ya a Nachisale. Kamvuluvulu akadzuka injini ili yotsegula, ankaigonera ndi chifuwa chawo mpaka fumbi lidutse, maso atatsinzina, ife tikuthawira kuseri kwa mtengo.

Chimene ankadziwika nacho kuyambira kwa Simlemba mpaka kwa Kapelula chidali kanthu kakang'ono kwambiri. Pakati pa kabuleta ndi injini pamakhala kachipangizo kokwana m'dzanja, kooneka ngati denga la nyumba, ndipo pa iko pamamangidwa timapepala tiwiri topyapyala. Amakanika a m'tauni amati malidi. A Namaona ankati timalilime. Injini ikamakoka mpweya ndi petulo timatseguka, ikamakankha timatseka kuti zimene zalowa zisabwerere. Timatero osapuma nthawi yonse imene injini ikulira, mpaka timatopa, kutha m'mphepete, kusiya kugona bwino. Pamenepo njinga imavuta kulira m'mawa, imalavula petulo chammbuyo, ndipo ikafika pamchenga imafooka. Iwo ankasamba m'manja ngati akukadya, kuchotsa kachipangizoko, ndi kukaloza kudzuwa diso limodzi atatsinzina. Kuwala kukadutsa pansi pa kalilime ankangoti tatha.

Kusankha tina ndiye kudali mlandu. Timene njingazi zidabwera nato tidali titasowa kalekale, ndipo m'mashopu a paboma mudadzaza ta makampani ena, ta mitundumitundu, tina tabwino, tina tongokongola pepala lake. Tidalipo tachitsulo tonyezimira, ta fayiba totuwa, ndi takuda ta kaboni timene okonda liwiro ankatifunitsitsa. A Namaona ankakatenga kamodzi, kukakhethemula ndi chikhadabo pafupi ndi khutu lakumva, kukapinda pang'ono, kenako kukadutsitsa pamlomo kuti amve ngati m'mphepete mwake muli mosalala. Tolimba ankati n'ta msewu wa phula. Kuno kwathu kwa mchenga ndi matope, kumene njinga imayenda pang'onopang'ono itasenza, m'pofunika tofewa, totseguka msanga. Takuda sankatinyoza, ankangoti timathetheka msanga ukamailiritsa njinga ngati wapenga. Koma tachitsulo sankamanga, ngakhale ubwere ndi abusa kudzakupepesera.

Ankafotokoza motere. Kachitsulo kamakhalitsa, koma tsiku limene kathyoke kamagwera mu injini n'kuononga zonse nthawi imodzi. Ka fayiba kamatha msanga, koma kakathyoka injini imangokatafuna n'kukalavulira ku ekizozi, iwe n'kukankha njinga kupita kwanu ndi miyendo yako iwiri. Ankakonda kunena kuti posankha chinthu usamangofunsa kuti chikhalitsa bwanji, uzifunsanso kuti chidzafa bwanji. Mawu amenewa ndidawamva kambirimbiri mpaka kunditopetsa, ndipo ndinkawatenga ngati mwambi wa munthu wokalamba amene akufuna kuoneka wanzeru.

Adadana ndi anthu chifukwa cha timalilimeti. Mlangizi wa ziweto atakakamira tachitsulo, adamubwezera njinga yake ili zidutswazidutswa m'thumba, natenga chaka asakuyankhulana. Mmisiri wina wa pamsika, amene ankangotembenuza takale n'kuuza anthu kuti wamanga tatsopano, adakamutsatira pamaso pa anthu tsiku la msika, namuuza kuti kutembenuza n'kothandiza munthu kuti akafike kunyumba basi, osati kuti apite nako ulendo. Liuma adali nalo, ndipo nthawi zina lidali lopanda pake. Ine ndemwe adandikhazikapo pa tayala lija kuyambira m'mawa mpaka masana chifukwa cha kasikuluwu kamodzi kamene sadakhutire nako.

Njinga yawo idatha zaka ikungosowa chinthu chimodzi. Ta fayiba tabwino tinkachokera ku Lilongwe, kudzera kwa dalaivala wina wa minibasi. Timeneti tikafika ankatimanga pa njinga yawoyo, kutchaya kiki, utsi n'kudzaza chisakasa, mudzi wonse n'kumva kuti a Namaona akupita kwawo. Sabata isanathe pankatulukira munthu akukankha njinga yolavula, kaya wa zaumoyo wopita ndi katemera wa ana, kaya katekisiti wokaika maliro. A Namaona ankapukusa mutu, kulowa m'chisakasa, kumasula tawo tija n'kumumangira. Ndidaziona ndi maso anga kanayi. Anthu ankawatama, koma a Nachisale sadanyengeke.

"Anthu akuti ndinu wachifundo," adawauza tsiku lina ine ndili pomwepo. "Ine ndikuti ndinu wamantha. Kwanu n'kwanu, bambo, m'thengo mudalaka njoka. Alamu anga akukalamba."

"Mwati?" adatero a Namaona, naweramira pa kabuleta.

Nkhani yanga idachitika m'zaka za makuponi a feteleza, pamene mlangizi ankadzuka m'mawa ali mdani wa theka la mudzi uliwonse. Mafoni a m'manja adali atangofika. A Namaona adalibe, choncho nambala imene adatumiza ku Phalombe idali yanga. Lolemba lina mvula ili pafupi kugwa, foni yanga idalira. Adali Matiyasi, mwana wa a Elube.

"Mukawauze ankolo kuti mayi adwalika. Sakudya. Akungofunsa za iwo."

Nditapereka uthengawo sadati "Mwati?" Adangopukuta manja. Mwamwayi timalilime tidali momwemo, tidafika mwezi wathawo ndipo padalibe amene adali atatilanda. Sabata imeneyo sadalandire ntchito ya munthu. Adasintha pulagi, adakunga tcheni, adadzaza thanki ndi kachigubu. A Nachisale adakazinga mtedza, nawasokera thumba la kumbuyo. Lachinayi adaitembenuza njinga ija, koyamba chiimireni m'chisakasamo, kuti iloze kumsewu. Adati anyamuka Loweruka m'mamawa, akagona panjira, akafika Lamulungu. Ine ndemwe ndidamuimbira Matiyasi kumuuza kuti ankolo ake akubwera.

Lachisanu njinga yanga idakana. Idali itayamba kulavula masiku angapo, ine n'kumangoti ndiona mawa. Kuyambira Loweruka mpaka Lolemba makuponi ankagawidwa m'malo atatu kutsidya kwa dambo, chaku Kapelula, ndipo kaundula wa mayina adali ndi ine. Popanda mlangizi wodziwa alimi ake ndi nkhope, ogawa sakanagawa. Akadapitirira kwina n'kudzabweranso chimanga chitamera kale. M'kaundulamo mudali amayi amasiye amene ndidachita kulimbana ndi anthu kuti alembedwe. Ndidatuma munthu paboma, nandibweretsera timene adapeza, tachitsulo, m'pepala lonyezimira. Ndinkadziwa bwino lomwe lamulo la pansi pa muwanga, koma ndidati munthu wa ulendo sakhala ndi nthawi ya makani.

Adachotsa kachipangizo kanga, nakaloza kudzuwa, nati tatha. Ndidawapatsa pepala lija.

"Mangani tomweti, abambo. N'tatsopano."

Adatulutsa kamodzi, nakakhethemula pafupi ndi khutu, nakabwezera m'pepala.

"Alangizi, iti sindimanga."

"Kwa masiku atatu okha."

"Chitsulo sichiwerenga masiku."

"Ndiye ndipatseni kachipangizo kangako ndikamangitse kwa a pamsika."

Adakaika m'thumba la malaya awo, namanga batani. Pamenepo mtima wanga udakwera. Ine ndikapsa mtima pakamwa panga sipakhala mlonda, ndipo tsiku limenelo ndidanena zimene ndimachita nazo manyazi mpaka lero. Ndidati anthu a m'midzi itatu adzagona ndi njala chaka chamawa chifukwa cha liuma la munthu mmodzi, munthu wake wobwera, amene ngakhale kwawo kudamukanika. A Nachisale, amene adali pakhonde ndi lichero la mtedza, adaleka kupeta.

"Khalani pansi, achemwali," adatero a Namaona. Aka kadali koyamba kundiitana choncho.

Ndidakhala pa tayala. Adapisa m'thumba la buluku natulutsa kabokosi ka machesi kothaitha. M'kati mudali kachitsulo kachikasu kofanana ndi chikhadabo, kokhala ndi timizere takuda ndi theka la nambala.

"Mukukadziwa aka? Ndi tepi. Tepi yoyezera mizere ya fodya. Laisoni anali atangomuika ukapitawo, anamupatsa njinga ili m'chisakasayi kuti aziyendera minda. Inayamba kulavula ngati yanuyi. Abwana anati akalephera kuyendera minda abwerera kukhasu. Malidi kunalibe Kasungu yense. Ine nthawi imeneyo ndinali nditayamba kudzimva, ndinkakonza mapampu a kunazale, anthu akunditama. Ndinadula tepi, ndinaimenya ndi hamala kuti iwongoke, ndinaiboola, ndinamanga. Inalira bwino, achemwali. Inalira masabata atatu. Tsiku lina akutsetsereka kupita kumlatho, kanathyoka. Injini inagwira, tayala lakumbuyo linaima pomwepo. Anagwera mutu."

Adakatembenuza kachitsuloko ndi chala.

"Aliyense anati ndi ngozi. Inenso ndinalembera a Elube kuti ndi ngozi. Mumtima ndinkakayika, koma njinga anaitsekera m'sitolo. Esiteti itatha ndinaipempha, ndinatsegula injini, ndinakapeza aka katakanirira m'mbali mwa pisitoni. Mwana uja mayi athu anamusiya m'manja mwa a Elube, a Elube anamupereka m'manja mwanga pokwera lole. Ndiyenera kukawaonetsa njingayo ndi aka, aweruze okha."

"A Nachisale akudziwa?"

"Akudziwa. Inu ndinu wachiwiri. Amene anayenera kukhala woyamba ndi amene ndikukamuonayo."

Mkwiyo wanga udazima, koma kaundula adali m'chikwama changa, ndipo kumpoto kunkagunda. Ndidanena mofatsa kuti tachitsulo ta kufakitale si tepi. Adati akudziwa, koma iti n'tokhakhala m'mphepete, ndipo kamodzi kali ndi kamzere pafupi ndi bowo la sikuluwu. Ndidayang'ana, sindidaone kamzere kalikonse. Kenako adadzuka, natenga sipanala yaing'ono, nalunjika kuchisakasa. Ndidadziwa chimene akukachita.

"Nanga ulendo wanu?"

"Lachiwiri kubwera tina ndi a minibasi. Ndinyamuka Lachitatu."

"Mangani tachitsuloti mu yanuyo. Kapena kwerani basi mawa."

"Njinga ija inadya kale chitsulo. Ndipo popanda iyo ndikayamba bwanji kulankhula?"

A Nachisale sadawayang'ane amuna awo. Adayang'ana ine. Mawu amodzi okha akadakwana. Ndikadati ayi, abambo, musamasule, ndibwereka ya mnzanga, ndipalasa yakapalasa, ndikagona konko. Njira zidalipo, zovuta koma zidalipo. Sindidanene kanthu. Ndidakhala pa tayala lija manja ali pamaondo, ndikumva sipanala ikulira m'chisakasa, ndipo ndinene zoona, mumtima ndidakondwa. Ku Phalombe sindidaimbenso kuti ulendo wasintha. Ndidati ndiimba mawa.

Atandimangira tawo tija, njinga yanga idayenda ngati yatsopano. Mchenga wa m'dambo idauoloka osatsokomola, makuponi adagawidwa m'malo onse atatu, amayi amasiye aja adandigwira manja onse awiri pothokoza. Kutsidyako kudalibe netiweki. Lachiwiri m'mawa ndidapita ndekha pasiteji kukalandira kaphukusi kwa dalaivala wa minibasi, ndipo ndili m'njira yopita kumuwanga foni idalira. Adali Matiyasi. A Elube adamwalira Lolemba dzuwa litapendeka. Adayesa kuimba maulendo osawerengeka, foni yanga osapezeka. Adati aika lero lomwe masana, manda akumba kale.

Ndidawapeza a Namaona ataimirira m'mbali mwa msewu, zimene sankachita.

"Njinga ilibe vuto," adatero ndisanatsike, "koma mwaiyendetsa ngati mwanyamula maliro. Nenani."

Ndidanena. Adalandira kaphukusi kaja ndi manja awiri, nathokoza monga mwa masiku onse, nakakaika m'chitini cha mkaka chimene chinkakhala pamtanda wa chisakasa. Adapinda thumba la masipanala dzuwa lili pamutu, nakhala pansi pafupi ndi njinga yawo. A Nachisale ndiwo adayamba kulira, ndipo anthu a m'mudzi adasonkhana kudzakhuza maliro opanda mtembo. Wina adati akwerebe basi akaone manda. Iwo adafunsa kuti akalankhule ndi ndani.

Ndidawapepesa kamodzi kokha, patapita miyezi, chimanga chili m'nkhokwe. Adandifunsa ngati makuponi adagawidwa. Ndidati inde. Adafunsa ngati chimanga chidabereka. Ndidati chidabereka. "Ndiye basi," adatero, nandiuza kuti tcheni changa chalendewera. Mpaka lero sindidziwa ngati tachitsulo tija tidalidi ndi kamzere, kapena ngati ine ndidangowatsegulira khomo limene mantha awo ankalifuna. Mwina zonse ziwiri n'zoona. Chimene ndikudziwa n'chakuti adakana kundiika pa msewu umene adaikapo mng'ono wawo, ndipo ine, amene ndidali nditangomva nkhani yonse, ndidawalola kulipira ndi ulendo wawo.

Zaka zotsatira njinga za utsi zidayamba kutha. Kudabwera za kabaza izi, zopanda timalilime, zimene iwo ankati zimalira ngati makina osokera. Ankazikonza koma mosakondwa. Wina akabwera ndi yakale yolavula ankamuitanitsira ta fayiba ku Lilongwe n'kumuuza kuti adikire, ngakhale afulumire bwanji. Ta m'chitini tija sadapatse munthu, ndipo sadatimangenso. Njinga yawo sidalirenso. A Nachisale nawo adaleka kuwanena za mantha.

Adamwalira nyengo yozizira, atadwala chifuwa masabata ochepa. Adaikidwa kumanda a kwa akazi awo, chifukwa manda a matenanti aja tsopano ali pakati pa munda wa munthu. Matiyasi adabwera pa basi, bambo wamkulu wa imvi m'masaya, wofanana ndi ankolo ake mapewa. Titachoka kumanda a Nachisale adandikokera pambali, nandifumbatitsa kabokosi ka machesi kaja.

"Malemu adati mumuuze ndinu. Ine pakamwa panga pauma."

Ndidamutengera Matiyasi m'chisakasa, ndipo ndidamuuza zonse, za tepi, za hamala, za mlatho, ndi za Lachisanu lija osasiyako mbali yanga. Adamvetsera akuyang'ana kachitsuloko m'dzanja lake. Nditamaliza adapukusa mutu pang'onopang'ono.

"Mayi ankadziwa," adatero. "Tenanti wina wa kwathu, amene anawagwirira ankolo tepiyo pamene ankadula, anabwerera chaka chomwecho. Anawauza."

"Ndiye osawalembera bwanji?"

"Mayi sankatha kulemba, ndipo nkhani ngati imeneyo sakanaiika m'kamwa mwa wolemba makalata. Ankati abwere yekha, ndidzamuuze kuti zinatha kalekale, ndataya mmodzi sindifuna kutaya awiri. Ankolo analemba kuti adzabwera pa njinga yamoto. Kuyambira pamenepo njinga ikalira kumsewu mayi ankasiya chilichonse n'kutuluka, ngakhale ali pamoto. Inu mutatiimbira kuti afika Lamulungu, anati tiwasambitse, tiwaveke chitenje chatsopano, tiwakhazike pakhonde. Anakhala pamenepo mpaka dzuwa kulowa. Lolemba anati tiwatulutsenso."

Sadandidzudzule. Adatenga kabokosi kokhako, nati akakaika pamanda a mayi ake. Njinga adati alibe nayo ntchito.

Sabata yatha ndidadutsa kwa Wimbe ndipo ndidatsika. Muwanga ulipo, nkhwangwa zikuuopabe. Pansi pake dothi ndi lakuda ndi oilo wa zaka zonse zija, moti udzu wazungulira koma pakati sudamere. Tayala la thirakitala lili pomwe lidali, ladzaza masamba. Pamtengo pali msomali umene ankakolekapo thumba la masipanala. A Nachisale amasesabe pamalopo m'mawa uliwonse, ngakhale palibe amene amaimapo, ndipo njinga za kabaza zimangodutsa osachepetsa n'komwe liwiro.

Chisakasa chagwa mbali imodzi. Ndidawerama n'kulowa. Chitini chili pamtanda, ndipo kaphukusi kali momwemo, kosatsegula, ndi dzina lawo lolembedwa ndi dzanja la dalaivala uja. Ndidakagwira, ndidakabwezera. Matayala a njinga aphwa, thanki ndi louma, thumba limene a Nachisale adasoka lidakali lomangirira kumbuyo. Pabowo la kachipangizo kaja pali kansalu ka chitenje kamene a Namaona adatsekapo kuti fumbi lisalowe, poti kankayenera kukhalapo masiku anayi okha. Njingayo ikulozabe kumsewu, momwe adaitembenuzira Lachinayi lija.